Njuchi ya mu ampulifaya ya ku Sanga

Ku Sanga, m'mbali mwa msewu wa M5 pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche, kuli bambo amene wayimbira kwaya gitala kwa zaka zoposa 30, ndipo ndi yemweyo akulemba nkhaniyi. Masiku ano asanakhudze nsambo amayamba watchera khutu kusipika, kuti amve ngati njuchi yabwera. Njuchi ndi dzina limene iye ndi anzake anapatsa phokoso lija la vuuu lotuluka mu ampulifaya munthu usanayambe n'komwe kuyimba.

Ali mwana, kunjenjemera kwa mawu sikunali vuto, kunali kukometsa. Zikho za malipenga amazimata kakhungu kopyapyala kuti mawu azituluka akuthetheka, ndipo anyamata opanga mabanjo a zigubu za mafuta ankapachikapo zitsekerero za mabotolo kuti zizichita tsetsetse. Mpaka lero babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ya nsambo imodzi yoyimbidwa ndi kamtengo ndi botolo, imakoma ndi kulira kokandapala komweko.

Gitala yamagetsi yoyamba m'mudzimo inabwera ndi amalume ake kuchokera ku Joni. Inali yotengera Fender Stratocaster, ya ma pickup atatu opyapyala. Ampulifaya yake inkayendera batire ya galimoto, imene mnyamatayo ankaimanga panjinga kukatchajitsa ku Chintheche. Batire ikamatha mawu ankasasa ndi kufota, koma pakati pa nyimbo ndi nyimbo sipika inkangoti zii, moti mafunde ankamveka kugombe. Nthawi imeneyo sankadziwa chifukwa chake. Moto wa batire umayenda njira imodzi osabwerera, choncho ulibe kugunda kumene gitala ingatole.

Magetsi atafika pamsika ndi kutchalitchi, anthu anasangalala, ndipo njinga inapuma. Lamulungu loyamba kulumikiza ampulifaya kukhoma ndi pamene njuchi inalowa. Ada ena achikulire anati gitala yakalamba, ena anati sipika yang'ambika. Zonsezo sizinali zoona. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo amapita ndi kubwerera maulendo 50 pasekondi iliyonse. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala ngati tsitsi maulendo masauzande, ndipo monga imamva kugwedera kwa nsambo, imamvanso kugunda kwa mawaya a m'khoma ndi thiransifoma ya mu ampulifaya. Kugundako kuli pafupi ndi noti ya G yapansi kwambiri, ndiye kwaya ikayamba nyimbo mu F, njuchi inkayimba yakeyake pansi pa mabesi.

Anaphunzira kuisaka pang'onopang'ono, ndipo ndondomeko yake sanaisinthe. Amayamba wazula kebulo ya gitala ku ampulifaya. Phokoso likapitirira, vuto lili mu ampulifaya kapena pasoketi. Likatha, lili mukebulo kapena mugitala. Amasinthanitsa kebulo ndi ina, chifukwa Nkhata Bay ndi boma la mvula yambiri ndipo chinyezi cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri mitu ya makebulo, imene imachita thethethe ukaigwedeza. Akatero amagwira nsambo ndi chikhatho. Njuchi ikachepa, ndiye kuti waya wochokera kunsambo uli bwino, chosowa ndi chotchinga m'mimba mwa gitala. Ikapanda kusintha, waya uja waduka pansi pa buliji. Ikakula, wina anasemphanitsa mawaya awiri a pabowo la kebulo pomata ndi mtovu. Pomaliza amazungulira pamalo amodzi gitala ili pachifuwa, mpaka apeze mbali imene phokoso likuzilala, n'kuyima choncho nyimbo yonse.

Vutoli si la ku Sanga kokha. Mu 1955 Seth Lover wa kampani ya Gibson ku America analembetsa pickup ya makoyilo awiri okulungidwa mosemphana, yotchedwa humbucker, kuti phokoso lolowa mwa imodzi lizifafanizidwa ndi inzake. Bambo wa ku Sanga analibe ndalama zogulira yotero. Anamasula chivundikiro cha gitala, n'kuyala pepala la aluminiyamu m'kati monse, n'kulikhudzitsa kuwaya wa earth. Anapezanso kuti kaswitchi kakakhala pakati pa ma pickup awiri, njuchi imatsika yokha.

Chimene chimamupweteka mtima mpaka pano ndi dzino lachitatu la pulagi. Ma ekisitenshoni ambiri otchipa alibe waya wa earth m'kati, ndipo anthu anazolowera kutsegula bowo lapamwamba la soketi ndi chitsekerero cha bolopeni kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Tsiku lina paukwati ku Kande, akuyimbira jenereta, anasendera pamayikolofoni dzanja lili pansambo, ndipo moto unamuluma pamlomo mpaka misozi. Anapulumuka. Kuyambira pamenepo salola mwana aliyense wa kwaya kuthyola kapena kumata dzino limenelo, ngakhale atamva kuti kutero kumathetsa phokoso. Anaitana wodziwa zamagetsi kudzakhoma chitsulo cha earth kuseri kwa tchalitchi, panthaka yonyowa, poti mchenga wouma wa kugombe sugwira bwino ntchitoyo.

Mu 2016 chikondwerero cha Lake of Stars chitabwerera ku Chintheche Inn, iye anapitako. Oyimba anawakonda, koma chimene anabwerera nacho kumudzi ndi bata la masipika aatali kuposa munthu, amene ankati zii nyimbo ikatha, ngati ampulifaya ya batire ija.

Lero njuchi yasintha liwu. Padenga pali sola, pansi pali inveta yotchipa imene moto wake ndi wodukaduka, ndipo gitala imaumva ngati nziii wakuthwa wa udzudzu. Matchaja a foni, mababu a LED ndi laputopu yolumikizidwa kumikisa zimathira zawo. Foni ikakhala m'thumba pafupi ndi gitala, sipika imayamba dididi uthenga usanalowe. Mankhwala ake ndi kuzimitsa chimodzichimodzi mpaka wolakwa apezeke, komanso kudyetsa ampulifaya ndi mikisa pasoketi imodzi.

Mdzukulu wake wamkazi, amene tsopano akuphunzira makodi, anabwera mwezi watha ndi kasipika kotchaja kokhala ndi batire m'kati. Anapita nako pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mawaya, asodzi akukonza nyali za usipa. Mtsikanayo analumikiza gitala ya ku Joni ija, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Agogo ake anawerama, khutu pasipika, ndipo anamva mafunde okha. Atawafunsa kuti, “Ada, ndiyambe?”, iwo anangogwedeza mutu, ndipo mwanayo anagwira G.