Njerwa za Blantyre ndi Maso a Mnzathu

Ndakhala ku Namiwawa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindingathe kuwerenga maulendo amene ndatsika ndi msewu wa Glyn Jones kupita m'tauni. Komabe ndiyenera kuulula kuti mzinda wa Blantyre ndinayamba kuuona bwino mwezi wathawu, ndipo amene anandionetsa ndi munthu amene maso ake ali pafupi kuzima.

Munthuyu ndi mnzathu wa mumphakati, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Madokotala anawauza kuti matenda awo a maso sadzachira, ndi kuti mankhwala angochedwetsa mdima. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anatiitana ife anzawo atatu nati, "Abale anga, ndiperekezeni ndikatsanzike nyumba zakale za mumzinda uno ndisanayambe kuyenda ndi ndodo." Tinaseka pofuna kubisa chisoni, koma Loweruka lotsatira m'mamawa tonse tinali pakhomo pawo.

Tinayambira mu Victoria Avenue, pa holo yakale ya mzinda imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Sitinachedwepo, pakuti phokoso la magalimoto ndi la ogulitsa malonda silinatilole kumvana. Tinawoloka mtsinje wa Mudi ndi kukwera ku Mandala.

Nyumba ya Mandala, yosanja ndi ya makonde aakulu, inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes imene ankayendetsa abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala anthu anapatsa John chifukwa cha magalasi ake a m'maso amene ankanyezimira padzuwa. Aphunzitsi aja anavula magalasi awo okhuthala, nawapukuta ndi mpango, nati, "Mandala a mzungu uja anasanduka dzina la dera lonse, pamene angawa akundithawa ntchito ine ndili moyo." Pamwamba pa nyumbayi pali laibulale ya Society of Malawi. Mmenemo anatikumbutsa za amtengatenga, amene ankasenza katundu pamutu kuchokera kwa Katunga kumunsi kwa Shire, kukwera mapiri kufika ku Blantyre, ndi kutsikanso mpaka ku Matope, chifukwa sitima za pamadzi sizikanatha kudutsa mathithi. "Mayina a eni katundu tikuwadziwa," iwo anatero, "nanga a osenza aja ali kuti?" Palibe amene anayankha.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, pa Mishoni ya Blantyre. Apa ndili ndi china choulula. Ngakhale ndadutsapo kosawerengeka popita kukakwera basi ku Wenela, ndinali ndisanalowemo ndi kamodzi komwe, chifukwa mumtima ndinkati ndi tchalitchi cha ena. Pa anthu anayife, atatu tinali otero. Tinapempha chilolezo, ndipo anatilandira ndi manja awiri.

Mishoniyi inayamba mu 1876, m'dziko la Mfumu Kapeni, pa malo amene anasankha Henry Henderson mothandizidwa ndi Tom Bokwito, ndipo anaitcha Blantyre potengera mudzi umene anabadwira David Livingstone. Tchalitchicho anachimanga kuyambira mu 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi Mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira amene anali asanaonepo nyumba yotere chibadwire. Njerwa ankaziumba ndi kuziwotcha pomwepo, m'zikombole zamatabwa za mitundu 81.

Ife tinkayang'ana kumwamba, kugoma ndi nsanja ndi mazenera. Aphunzitsi sanayang'ane kumwamba, pakuti kumeneko kunali kale nkhungu kwa iwo. Anasendera kukhoma nayamba kulisisita ndi zala, pang'onopang'ono, monga mayi asisita mutu wa mwana wodwala. Kenaka anandigwira dzanja. "Achimwene, khudzani apa. Njerwa iyi ndi yobulungira, iyi ndi yosongoka, ndipo iyi yapendekeka pang'ono. Amene anaiika anali atatopa, kapena ankaphunzira kumene. Mwina anali mnyamata wa ku Ndirande, mwina wa ku Soche. Iyeyu analibe pepala lolembapo dzina lake, koma dzanja lake ndi ili."

Ndinakhudza, ndipo ndinachita manyazi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndi maso anga awiri abwino ndinali ndisanadekhepo.

Titakhala pamthunzi kudya mbatata ndi tiyi wa mufulasiki, anatisimbira za ana ena a mishoniyi amene mbiri inawasunga. Anatchula Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Anatchulanso John Gray Kufa, wothandiza madokotala, amene boma la atsamunda linamupha mu 1915 pa nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe. Makoma omwewa, iwo anati, anamva nyimbo za chimwemwe ndiponso kulira kwa amasiye, ndipo munthu wofuna kukonda mzinda wake ayenera kumva zonse ziwiri.

Madzulo tinakwera minibasi kudzera pa Ginnery Corner ndi ku Chichiri mpaka ku Limbe, tauni imene inakula ndi njanji ndi fodya, ndipo inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Tinalowa mu Kathedulo yathu ndi kugwada. Ndinakumbukira kuti ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, patapita zaka khumi chitsegulire tchalitchi chija cha njerwa. Kwa nthawi yoyamba ndinapempherera oumba njerwa a nyumba zonse ziwiri, osafunsa kuti anali a mpingo uti.

Pobwerera ku Namiwawa dzuwa linali kulowa. Aphunzitsi anandifunsa kuti kumwamba kukuoneka bwanji cha ku phiri la Michiru. Ndinayesa kufotokoza, koma mawu anandiperewera. Iwo anaseka nati, "Muyambe kuphunzira, achimwene, pakuti posachedwapa ntchito imeneyi ikhala yanu."

Makolo anzanga, ana athu akukula akudziwa masitolo onse a mumzinda uno, koma ambiri sadziwa chimene dzina loti Mandala linachokera. Nyumba yakale ikagwa, ina imamangidwa pamalo pake. Koma nkhani yake ikafera m'kamwa mwa okalamba, palibe mmisiri angaiumbenso. Ulendo wathu unangotidyera ndalama ya minibasi ndi tsiku limodzi. Loweruka likudzali ndikupitanso ku Mishoni ndi adzukulu anga awiri. Aphunzitsi avomera kutitsogolera, ndipo ati ana aja akayambe ndi kutsinzina.