Mwana aphunzire bizinesi kapena zachuma?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, makolo a kuno kunyanja timakumana ndi funso lovuta: mwana apemphe malo ku maphunziro a bizinesi kapena a zachuma? Ambiri amayesa kuti ndi chinthu chimodzi, pomwe ndi njira ziwiri zosiyana. Tiyenera kusankha mosamala, pakuti fizi ya zaka zinayi ikapita sibwerera.

Digiri ya bizinesi, monga ya ku MUBAS ku Blantyre, imakonzekeretsa munthu kuyendetsa malonda: kusunga mabuku a ndalama, kuwerengetsa msonkho, kulemba antchito ndi kupeza msika. Maphunziro a zachuma, monga a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, amafufuza zimene zimakweza kapena kutsitsa mitengo m'dziko lonse. Mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta, maukonde ndi injini za maboti zidakwera mtengo. Wophunzira zachuma amatha kulongosola chifukwa chake, pamene wa bizinesi amawerengetsa kuti usipa ukagulitsidwe pa mtengo wanji ku Limbe kuti mpamba usadyeke.

Maganizo athu ndi akuti mwana wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota amakula akudziwa kale kutsatsa malonda ndi kunenerera mtengo. Digiri yongomulawitsa pang'ono za chilichonse simuwonjezera zambiri. Imapindulitsa ikamupatsa luso logwirika, makamaka la akaunti, limene lingamufikitse ku mayeso a bungwe la ICAM. Luso limeneli ndi limene likusowa m'mabanja mwathu, momwe ndalama ya malonda ndi ya ndiwo zimakhala m'thumba limodzi. Mwini boti akamwalira, sipapezeka buku losonyeza amene adakongola kwa iye, ndipo ana amasiye ndiwo amataya chuma.

Zachuma nazo n'zaphindu, koma zimafuna mwana wamphamvu pa masamu. Ntchito zake zimapezeka ku Reserve Bank, ku unduna wa zachuma, m'mabanki ndi m'mabungwe a chitukuko, ndipo kawirikawiri munthu amafunika digiri yachiwiri kuti apite patsogolo. Banja losankha njira imeneyi likonzekere kudikira.

Choncho, abale ndi alongo, tisakopeke ndi dzina la digiri. Tione momwe mwana wakhozera masamu, timve chimene mtima wake ukufuna, kenaka tifunse kuti akadzamaliza adzatha kugwira ntchito yanji imene lero sangathe.