MFITI YA M'KABUKU KANGA INAFANANA NDI MUNTHU

Anzanga a kunyanja, ndabweranso ndi uthenga wautali. Amene bandulo yakuthera, udzawerenge mawa.

Ena mukudziwa kuti mwera utavuta chaka chino, maboti n'kukhala pamtunda masiku angapo, ndinayamba kulemba kabuku ka ana m'kope. Anandiyambitsa ndi ana a achemwali anga. Kuvidiyo shoo amaonera madiragoni olavula moto, dzina la Harry Potter amalitchula bwinobwino, koma ukawafunsa za Napolo amangokuyang'ana. Ndinati ayi, chinjoka tili nacho chathuchathu.

Akuluakulu amati Napolo amakhala pansi pa phiri, ndipo akamasamuka amagumula miyala, mitengo ndi nyumba zomwe. Za ku Zomba mu 1946 ndi za ku Phalombe mu 1991 anthu amati anali iyeyo. Malemu Steve Chimombo anamulembera ndakatulo zambiri. Ine ndinangodzifunsa kuti, akatsika phiri n'kufika kunyanja, amakagona pati? Ndiye ndinamugoneka pansi pa chilumba cha Namalenje, chomwe timachiona tsiku lililonse tikaima pa Senga Bay. Nkhungu zija zimatuluka pakati pa nyanja ngati utsi ndinati ndi mpweya wa m'mphuno mwake. Mwera ndinati ndi mkonono wake. Mbali imeneyi sinandivute ngakhale pang'ono.

Koma nthano imafuna woipa, ndiye ndinaikamo mfiti. Sindinaganize kawiri. Ndinalemba zomwe tonse tinakula tikumva: nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, maso ofiira, yoyankhula yokha, youluka pa lichero usiku.

Loweruka lina madzulo ndinawerengera ana pafupi ndi thandala la amayi. Anabwera khumi ndi angapo. Ndikati "padangokhala" iwo "tilitonse" mokuwa mpaka alovi osoka chilimira anatembenuka. Ndinagona ndikudzimva kuti ndine mlembi.

Lolemba masana ndikuchokera kumsika ndinamva ana akuimba kanyimbo ka mfiti kamene ndinapeka ndekha. Ankatsatira agogo ena owamba nsomba, amene ambiri a inu mumawadziwa, dzina sinditchula. Amuna awo anamira kalekale, ana awo ali ku Joni. Mwana wa achemwali anga anandithamangira akusekerera: "Ankolo, mfiti yanu ija tayipeza!" Kamnyamata kena kanali katatola kale mwala.

Aise, miyendo inandizizira. Ndinawabalalitsa anawo, koma agogowo sanatembenuke n'komwe. Anangopitiriza ulendo ndi mtolo wawo wa nkhuni.

Usiku ndinatsegula kope lija n'kuwerenganso. Wokhala yekha: ndi iwo. Woyankhula yekha: ndi iwo, nanga ayankhule ndi ndani? Maso ofiira: munthu amene wakhala pa utsi wowamba kampango ndi mlamba zaka zonsezi maso ake angayere bwanji? Sindinawaganizire polemba, koma ndinawajambula ndendende.

Apa m'pamene ndinazindikira kusiyana kwathu ndi anzathu olemba ku London. Kumeneko mwana akatseka buku, mfiti imatsala m'bukumo. Kuno imatuluka n'kukakhala nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana wina. Ndipo kangati tamva mwana akuti agogo amamutenga usiku kukamuphunzitsa, akuluakulu n'kukhulupirira pompo? Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mwala sudikira khoti.

M'mawa mwake amayi anandipatsa kabeseni ka usipa n'kuti, "Pita wekha, wayambitsa ndiwe." Ndinakagwada pakhomo pa agogowo n'kufotokoza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanawe, ana sindiwaopa. Ndimaopa tsiku limene mwana wa munthu adzadwale, makolo ake n'kukumbukira nyimbo yakoyo." Usipa analandira. Kuti andikhululukira sananene, ndipo sindinawaumirize.

Masamba asanu ndi limodzi ndinawang'amba. Koma nthano yopanda zoopsa ana saifuna, zimenezo musandinamize. Ndiye ndalembanso chonchi: mfiti ilipobe, koma ilibe nkhope ya munthu. Ndi chinthu cha m'madzi chimene chimabwereka mawu a aliyense. Lero chiyankhula ngati mwini boti, mawa ngati mnzako wapamtima, ndipo ntchito yake ndi kunong'oneza anthu kuti aloze mnzawo chala. Nkhalamba ya maso ofiira ndaisiyamo. Ndi yokhayo imene ikudziwa nyimbo yogonetsa Napolo, ndipo mudzi ukaithamangitsa, chinjoka chimadzuka. Ana awiri ndiwo amapalasa bwato kukaifunafuna mpaka ku Mbenji, kuja a Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndachita mantha, kuti afiti alipo ndipo ana ayenera kudziwa. Sitinagwirizane, ndipo pano sindikufuna kutsegula mtsutso umenewo. Changa n'chakuti kope ndi langa, ndipo sindilola kuti lilozenso khomo la munthu.

Loweruka likubwerali ndiwerenganso pamalo omwe aja dzuwa likapepa. Agogo aja ndawaitana, kaya abwera kaya ayi. Amene muli ndi ana abweretseni. Ndipo ngati agogo anu anakusimbirani za zinthu zokhala pansi pa nyanjayi, nditumizireni voisi, mutu wachinayi ukadali wopanda kanthu.

Tumizani kwa ena.