Mawu Asanu pa Tsiku

Pa Chipoka, pamene njanji inafika m'chaka cha 1935, pamakumana anthu a ziyankhulo zosiyanasiyana. Pakati pawo panali mkulu wina wogula usipa, wodziwa Chichewa chokha. Tsiku lina asodzi anapangana mtengo m'Chiyao iye ali chilili pomwepo, ndipo anamgulitsa modula. Anabwerera kwawo mtima ukumuwawa.

Tsono anadziikira lamulo: mawu asanu pa tsiku. Anayamba ndi moni, "Ali uli?", kenaka kuwerenga ndalama ndi maina a nsomba. Mawuwo ankawalemba m'kabuku, ndipo m'mawa mwake ankakawayesa kugombe. Akaphonya, ana ankamseka, koma sanaleke, pakuti anakumbukira kuti ansembe amene anafika ku Mua m'chaka cha 1902 nawonso anayamba Chinyanja ngati makanda.

Chisanathe chaka, palibe anamnamizanso, ndipo asodzi aja anasanduka abwenzi ake.

Wofuna Chingerezi, Chiswahili kapena Chijeremani, njira ndi yomweyo: amvetsere, alembe, ayankhule, ndipo asachite manyazi kufunsa. Paja safunsa anadya phula.