Muvi wa pa Boyila Sunama

Ntchito yanga ndi yokonza maboyila a gasi ndi mapaipi otenthetsera nyumba kuno ku Britain, ndipo chisanu chikayamba mu Okutobala dandaulo la anthu limafanana. Rediyeta imatentha m'munsi koma m'mwamba muli zii. Mwininyumba amatenga kakiyi n'kumasula kavalavu ka pangodya, mpweya n'kutuluka mpaka madzi atayamba kudontha, kenako boyila imakana kuyaka. Ya Vaillant imaonetsa F.22, ya Ideal imaonetsa F1. Apa palibe chawonongeka. M'nyumba ya boyila ya combi, madzi amazungulira m'njira yotsekeka, ndipo chilichonse chotulukamo, kaya mpweya kaya madzi, chimatsitsa presha. Ikafika cha m'ma 0.5 bar boyila imadzizimitsa kuti isapse. Mfundo yanga ndi yakuti mwininyumba angathe kubwezeretsa presha yekha, koma awonjezere madzi kamodzi, pang'ono, kenako azimvera zimene muvi wa pa geji ukunena.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Zimitsani boyila, madzi azizire. Pansi pake pamakhala kapaipi kofewa kolukidwa ndi waya, kamene timakatcha filling loop, kolumikiza madzi a kumpopi ndi a m'marediyeta, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi mavalavu awiri. Tsegulani woyamba, wachiwiri muzimutembenuza pang'onopang'ono mpaka mutamva madzi akulowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: maso akhale pa muvi, ndipo ukafika pakati pa 1 ndi 1.5 bar tsekani onse awiri mwamphamvu. Ena amati presha yambiri ndiye kutentha kwambiri, choncho amadzaza mpaka 2.5. Kutentha kumachokera ku moto wa gasi, ndipo choyendetsa madzi ndi pampu. Presha imathandiza kuti madzi afike pa rediyeta ya pamwamba, ndipo 1 bar imakweza madzi pafupifupi mamita 10, zomwe n'zokwanira nyumba wamba yosanja. Madzi akatentha amafufuma, ndiye m'boyila muli kathanki ka mpweya kolandira kufufumako. Mukadzaza mopyola, muvi umafika pa 3 bar, valavu yotetezera imatseguka n'kutayira madzi panja. Valavu imeneyi ikatseguka kamodzi, kachitsotso kamatha kutsakamira pakamwa pake, n'kuyamba kudontha kosaleka.

Mtsutso waukulu umene ndimamva ndi wakuti madzi ndi otchipa, nanga kuwonjezera mlungu uliwonse kukulakwika pati? Kulakwika kwake n'kwakuti madzi a m'marediyeta si ofanana ndi a kumpopi. Akazungulira kwa nthawi yaitali amatha mpweya wa okosijeni, komanso timathiramo mankhwala oletsa dzimbiri monga Sentinel X100 kapena Fernox F1. Madzi atsopano amasukulutsa mankhwalawo ndipo amabwera ndi okosijeni wina, amene amadya chitsulo cha rediyeta kuchokera m'kati. Zotsatira zake ndi matope akuda bii amene amadikha pansi pa rediyeta, kutseka timipata ta m'boyila ndi kulemetsa pampu. Kudyeka kwa chitsuloko kumatulutsanso mpweya wa hayidirojeni umene umakasonkhana pamwamba pa rediyeta. Ndiye munthu amamasulanso kavalavu, presha n'kutsika, iye n'kuwonjezeranso madzi, osadziwa kuti kuwonjezera madziko ndiko kukudyetsa matenda. Ku London ndi kum'mwera chakum'mawa kwa England, kumene madzi ali ndi laimu wambiri, kudzaza kulikonse kumasiyanso nkhanambo zoyera m'boyila.

Wina anganene kuti pulambala akuopseza anthu kuti adzamuitane n'kumulipira. Ndikanafuna zimenezo sindikanaulula kuti mbali yaikulu ya kufufuza vutoli mungaichite nokha popanda chipangizo chilichonse. Mukadzaza, lembani pamene muvi waima boyila ili yozizira, ndipo muziuonanso m'mawa uliwonse kwa milungu iwiri. Ukakhazikika, nkhani yatha. Kuwonjezera kamodzi kapena kawiri pachaka si matenda. Ukamakwera kuyandikira 3 bar boyila ikatentha, n'kugwa pansi ikazizira, kathanki ka mpweya kaphwa kapena nembanemba yake yang'ambika. Ukamatsika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, pena pake pakudontha: pisani chala pansi pa mavalavu a marediyeta, onani madontho padenga, yang'anani kapaipi ka kopa kotulukira kunja kwa khoma. Ukamakwera wokha popanda woukhudza, kawirikawiri valavu yodzazira sikutseka bwino, n'chifukwa chake filling loop yochotseka timati izichotsedwa mukamaliza.

Malire a mwininyumba ndi chivundikiro cha boyila. Kuseri kwake kuli gasi ndi utsi wakupha wopanda fungo, ndipo kuyambira mu 2009 waluso aliyense wogwira ntchito ya gasi ku England, Scotland ndi Wales ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe Register. Koma mukadzamuitana, pepala limene munalembapo mayendedwe a muvi lidzamuuza poyambira asanamasule nati ngakhale imodzi, ndipo ola limene akanathera akusakasaka simudzalilipira.