Kusintha Bwato Sikusoka Khoka

Pakati pa ana athu a ku yunivesite pali liu lina limene limanenedwa monong'ona, ndilo "kuwidedwa". Lidachokera ku Chingerezi, ndipo litanthauza kuzulidwa monga m'mene mlimi azulira udzu m'munda wa mpunga. Wophunzira akalephera maphunziro angapo, nalepheranso mayeso obwereza aja amati "sapu", akuluakulu a sukulu amamlembera kalata yakuti malo ake atha. Motero mwana amene mudzi wonse udamperekeza ndi nthungululu amabwerera usiku, kuti anthu asamuwone.

Kale chilango chimenechi chinali chonga imfa. Kuyambira mu 1965, pamene Yunivesite ya Malaŵi idalandira ophunzira ake oyamba ku Blantyre, kufikira mu 1999 pamene ya Mzuzu idatsekula zitseko, yunivesite ya boma inali imodzi yokha, ndipo wozulidwa analibe kwina koloŵera. Lero makomo achuluka. Ya Livingstonia idayamba mu 2003, ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ya sayansi ku Thyolo mu 2014, ndipo zilipo zinanso. Nchifukwa chake makolo ambiri amabwera kudzandifunsa kuti: "Bambo mfumu, kodi mwanayu timtumize kuti tsopano?" Funsoli nlabwino, koma lafulumira. Loyenera kutsogola nlakuti: adagwa bwanji?

Kuno ku Salima asodzi amadziŵa chinthu chimodzi chimene ophunzira amachiiŵala. Khoka likang'ambika, usipa umapulumukira pa chiboo chomwecho, kaya bwato nlatsopano kapena lakale, kaya muli ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Msodzi wanzeru amayala khoka lake pamchenga, nafunafuna pong'ambika, nasokapo. Kusintha bwato sikusoka khoka.

Mnyamata wina wa m'parishi mwathu adandipeza tsiku lina itatha Misa. Adaachotsedwa pa koleji ina miyezi isanu m'mbuyomo, koma adakhalabe m'tauni, namalandira ndalama zimene atate ake ankatumiza atagulitsa matumba a mpunga. Adati: "Abambo, ndapeza malo pa sukulu ina. Kunyumba ndidzangoti ndasintha chifukwa maphunziro a kumeneko ngabwino." Ndidamfunsa kuti: "Mng'ono wanga, chidakugwetsa nchiyani?" Adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adaulula. Adasankhidwira maphunziro a masamu amene sadaŵafune. Ankadya kamodzi pa tsiku. Ndipo atayamba kusamva za m'kalasi adachita manyazi kufunsa, nayamba kujomba. Zinthu zitatu zimenezi zikadamtsata ku sukulu yatsopano monga chithunzithunzi chitsata mwini wake. Tidapita limodzi kwa atate ake. Mkuluyo adalira, adakalipa, koma pamapeto pake adati: "Bola wanena."

Zifukwa zogwera nzosiyanasiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Wina ndi njala ndi kusoŵa fizi, wina matenda kapena maliro, wina moŵa ndi chisangalalo cha ufulu woyamba, wina Chingerezi cha m'mabuku akuluakulu. Wogwa ndi njala safuna ulaliki koma chithandizo. Wogwa ndi moŵa sachira posamukira ku mzinda wina. Paja akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mwini wake ayenera kutchula pamene pakumpweteka.

Choonadi chomwecho chifunikanso polembetsa ku sukulu yatsopano. Kalata ya zotsatira za ku sukulu yakale isabisidwe, ngakhale ikhale yochititsa manyazi, pakuti bodza likadzaululika m'chaka chachitatu kugwa kwake kudzaposa koyamba. Wophunzira akonzekenso kuyambira pansi, chifukwa si zonse adaphunzira kale zimene sukulu ina idzaziŵerengera. Ndipo makolo asanagulitse ng'ombe, afufuze ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo nzovomerezeka ndi bungwe la NCHE, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira maphunziro apamwamba. Safunsa adadya phula.

Eklezia sachita nayo chilendo nkhani imeneyi. M'buku la Ntchito za Atumwi timaŵerenga za Yohane Marko, amene adasiya Paulo ndi Barnabasi ku Pamfiliya ulendo uli pakati. Pa ulendo wachiŵiri Paulo adamkana, ndipo mkangano udakula mpaka atumwi aŵiriwo adapatukana. Barnabasi adatenga mnyamata wokanidwayo napita naye ku Kipro. Patapita zaka, m'kalata yachiŵiri kwa Timoteo, Paulo yemweyo akupempha kuti amtengere Marko, chifukwa ngwothandiza pa utumiki. Yohane Maria Vianney nayenso adabwezedwa ku seminale ya ku Lyon chifukwa Chilatini chidamkanika. Bambo Balley adamtenga namphunzitsa kunyumba kwao ku Écully, mpaka adadzozedwa unsembe mu 1815. Lero wolephera mayeso uja ndiye nkhoswe ya ansembe osunga maparishi pa dziko lonse lapansi. Tiwonetsetse kuti aŵiriŵa sadapulumuke chifukwa cha malo atsopano okha ai. Aliyense adapeza munthu wodziŵa kulephera kwake konse, koma wosamtaya.

Chotsala ndicho nthaŵi. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'miyezi ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amabwererako mvula itatha. Palibe amene amati miyezi imeneyo yatayika. Chimodzimodzi chaka chokhala pakhomo, mwana akuthandiza kumunda, akuŵerenga, akupemphera ndi kulingalira za mphatso zake zenizeni, si chaka chotayika. Mwina adzazindikira kuti njira yake si digiri konse, koma luso la manja longa limene amaphunzitsa pa Salima Technical College. Yosefe Woyera anali mmisiri, ndipo Mwana wa Mulungu adakulira pa benchi yake.

Inu makolo, mkwiyo wanu ngwomveka, pakuti thukuta lanu ndilo lidalipira fizi. Koma mwana woopa kubwera kunyumba ali pa ngozi yoposa kulephera mayeso. Ena manyazi aŵafikitsa podzichotsera moyo. Mlandireni poyamba, milandu idzakambidwa maŵa. Ndipo inu achinyamata amene mwasunga kalata ija pansi pa chikwama, itulutseni. Pezani Barnabasi wanu, kaya ndi malume, mphunzitsi wakale kapena wansembe, mumuwonetse pamene khoka lidang'ambika. Sukulu ili ndi mphamvu yofafaniza dzina lanu m'kaundula wake, koma m'buku la Mulungu, m'mene mudalembedwa pa tsiku la ubatizo, mulibe mwana wotchedwa udzu.