Ndinadwala malungo m'kompyuta ya mphwanga

Ndinapita kukakonzetsa foni basi. Inali itasiya kutchaja, ndiye Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinatsetserekera kumsika wa Namadzi, kukashopu ka mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amene amakonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore. Anaiyang'ana n'kunena kuti ndidikire ola limodzi. Poona kuti ndikusowa mtendere pabenchi, anandikokera mpando pakompyuta yake yakale ija, anandiveka mahedifoni, nati: "Ankolo, tagwirani apa. Ichi n'choyendera, ichi n'choombera. Musaope, simuononga kanthu."

Ine ndi munthu wa bawo. Zaka zanga zapitirira 45, ndipo magemu ndinkawaika gulu limodzi ndi makatuni. Ndinavomera pofuna kutaya nthawi.

Gemuyo sinayambe ndi mfuti. Inayamba ndili kumpando wakumbuyo kwa galimoto, dalaivala wolongolola akundichotsa pabwalo la ndege kupita nane kutauni yotchedwa Pala. Msewu wafumbi, ng'ombe zikudutsa mosapupuluma, tchire likuyaka cha uko, anthu atanyamula katundu akuthawa. Tinaima parodibuloko, dalaivala n'kuyamba kuwanyengerera asilikali ndi mawu ofewa aja amene aliyense woyenda paminibasi amawadziwa. Ndinaseka ndekha. Kenaka maso anayamba kuchita chidima, zonse zinasanduka zachikasu, makutu anayamba kulira, ndipo munthu wanga anakomoka.

"Iwe, kompyuta yako yafa," ndinatero.

"Siinafe, ankolo. Mwadwala malungo."

Apa m'pamene ndinakhala bwino pampando.

Dzina la gemuyi ndi Far Cry 2. Anaipanga ndi a Ubisoft a ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo inatuluka mu Okutobala 2008, wotsogolera ntchitoyo ali Clint Hocking. Anyamata amaitcha yachikale, koma kukalamba kwakeko n'kumene kumachititsa kuti iziyenda pamakompyuta otopa amene amafika kuno atagwira kale ntchito kwina. Nkhani yake ndi iyi: dziko lina la mu Africa, losatchulidwa dzina, boma lagwa, ndipo magulu awiri, UFLL ndi APR, akulimbirana zotsala. Onse amagula zida kwa munthu mmodzi, Jackal. Iwe ndiwe msilikali waganyu amene watumidwa kukamupha. Koma ukatsitsimuka pabedi la hotela, ukutentha thupi, umapeza Jackal yemweyo ali m'chipindamo akuwerenga mapepala ako. Amakuseka, amakuuza kuti ntchito yako yakanika kale, n'kukusiyira mfuti yaing'ono ndi chikwanje. Mlenje wagonekedwa ndi udzudzu, nyama n'kubwera kudzamuzonda.

Malungowo sachoka. Pakadutsa mphindi 30 kapena 40, amabweranso, nthawi zina uli pakati pa nkhondo, ndipo uyenera kubisala, kutsegula kabotolo, kumeza mbulu umodzi. Mibulu ikatha, sungaigule. Umapita kutchalitchi kwa wansembe wotchedwa Father Maliya (dzinali linandiseketsa, poti kwathu Maliya amavala chitenje), iye amakupatsa ziphaso zoti ukapereke kwa anthu amene abisala m'nyumba ina akufuna kuthawa m'dzikomo, ndipo iwowo ndi amene amakugawira mankhwala. Mnzanga wina wazaumoyo, amene amayendera midzi panjinga, anaima kumbuyo kwanga tsiku lina n'kupukusa mutu. "Achimwene, mankhwala amenewo ndi achinyengo. Mbulu umodzi mukamva kuzizidwa, kenaka n'kusiya? Anthu otere ndi amene timalimbana nawo tsiku ndi tsiku." Ananena zoona. Kuno LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, timamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo wosiyira panjira amadzudzulidwa. Fansidar naye anabwera mu 1993 chifukwa kulorokwini anali atasiya kugwira ntchito. Koma ngakhale opanga gemuwa anaphonya mankhwala, matendawo anawapeza. Kulira kwa m'makutu kuja, kuwala kopweteka m'maso kuja, manja olemera aja, ndinawazindikira ngati mmene umazindikirira wachibale pagulu. Ndamva kuti osewera ambiri a kunja amadana ndi mbali imeneyi, amati ikuwasokoneza. Inde ikusokoneza. Malungo anayamba apemphapo chilolezo kwa ndani?

Chachiwiri chimene chinandigwira mtima ndi dzimbiri. Mfuti imene watola kwa mdani imakhala yakuda, yodyeka, ndipo imakana kuomba nthawi imene ukuifunitsitsa. Imfa yanga yoyamba inali yotero. Ndinakwawa bwinobwino m'udzu mpaka kufika kumbuyo kwa munthu, ndinadina, mfuti inangoti khe. Munthu wanga anayamba kuimenya ndi chikhatho, mdaniyo anatembenuka, nkhani inathera pomwepo. Mphwanga anaseka mpaka kugwetsa sikuludiraiva. Anandiphunzitsa kuti mfuti zabwino zimagulidwa kwa wogulitsa zida, ndipo malipiro ake ndi miyala ya dayamondi, chifukwa ndalama ya dzikolo yasanduka mapepala wamba. Nazonso zatsopanozo zimatha pang'onopang'ono, ndipo ukaumirira, imakuphulikira m'manja. Ukavulala kwambiri, munthu wako amazula chipolopolo m'thupi ndi pulayazi iwe ukuona. Ulendo woyamba ndinayang'ana kumbali.

Galimoto nazo zimafuka utsi n'kuzima. Umatsika, umatsegula boneti, umamanga nati imodzi ndi sipanala, basi yachira. Mnyamata wina wa kabaza wanjinga yamoto, amene amadikirira makasitomala pafupi ndi shopuyo, anati akanaipeza nati imeneyo akanamanga nyumba ya malata chaka chomwecho. Mapu nawo sali pakona ya sikirini ngati mmene ndaonera m'magemu ena. Ndi pepala limene umalitulutsa n'kuligwira m'manja, dziko likupitiriza kuyenda. Ndagunda mitengo yambiri ndikuwerenga mapu, ndipo kamodzi ndinagunda mbidzi. Ndinapepesa mokweza, anyamata n'kundiyang'ana.

Koma moto. Za moto ndikhoza kukamba mpaka mawa.

Aliyense wokulira kuno amaudziwa moto wa tchire. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, anyamata osaka mbewa amayatsa udzu, ndipo usiku umaona mizere yofiira ikukwera m'mapiri. Tinaphunzira tili ana kuti moto suyang'ana amene wauyatsa, umamvera mphepo. Gemu imeneyi ikudziwa zimenezo. Udzu wouma umagwira msanga, wauwisi wa m'mbali mwa mtsinje umakana, moto umakwera mtengo, umadumphira padenga laudzu, ukafika pabokosi la zipolopolo zimayamba kuthetheka paliponse ngati chimanga chokazinga. Tsiku lina ndinakonza nzeru yanga mwaukatswiri. Pamsasa panali adani asanu. Ndinati ndiponya botolo la petulo kumanzere, iwo athawira kumanja, ine ndiwadikirira kuseri kwa mwala. Ndinaponya. Sindinayang'ane kumene udzu ukuweramira. Motowo unabwerera kwa mwini wake, ndinadzuka kuthawa, adani anandiona, mfuti inakana, ndipo pomwepo malungo anati ndafika. Ndinagwa. Kenaka ndinaona dzanja likundikoka: mnzanga wa m'gemumo, mkulu wina wa ku Mauritius wotchedwa Quarbani Singh, akundiguza ndi dzanja limodzi, linalo akuomba mfuti. Anandiimika, anandipatsa mfuti yaing'ono, tinamaliza nkhondoyo limodzi pakati pa phulusa.

Palibe amene analemba kuti zichitike motero. Mphepo, dzimbiri, udzudzu ndi kupusa kwanga zinangokumana. Pabawo zimachitikanso: umawerenga nkhomo zako bwinobwino, n'kuiwala imodzi, ndipo dzanja limene unati likulemeretsa ndi limene likukusesa. Kusiyana kwake n'kwakuti pabawo palibe amene amabwera kudzakukoka.

Pali chimodzi chimene ine ndi mphwanga sitigwirizana. Iye amadana ndi marodibuloko. Pafupifupi pamphambano iliyonse pali asilikali, ndipo ukawagonjetsa n'kupita patsogolo pang'ono, pobwerera umapeza ena atakhala kale pamalopo ngati palibe chinachitika. Amakuombera ngakhale uli paganyu ya gulu lawo lomwe, chifukwa mabwana amakutuma mwachinsinsi. "Ankolo, apa anaphonya," amatero. "Munthu sungagwire ntchito imodzi kasanu." Akuti dandaulo limeneli ndi limene osewera ambiri akhala akulinena chitulukireni gemuyi. Ine ndinamufunsa ngati anapalirapo munda nthawi ya dzinja. Komanso marodibulokowo ndi amene anandiphunzitsa kusiya msewu, kuzimitsa galimoto patali, kuzungulira wapansi m'tchire, kapena kukwera bwato, kapena kupita kudepoti kukakwera basi. Ndinayamba kuyenda usiku. Ukafika panyumba yobisalamo, umatchera wotchi ya pamkono, umagona, n'kudzuka nthawi imene wasankha. Kuvuta kwa gemuyi kuli pamilingo inayi, ndipo wapamwamba kwambiri amautcha Infamous. Mphwanga amasewera pamenepo. Ine ndili pawachiwiri kuchokera pansi ndipo sindichita nazo manyazi, makamaka poti tili ndi mlingo wina umene a ku Montreal sanauganizire: magetsi kuzima usanaseve.

Ndiyenera kunenanso chimene chikundiwawa, poti chinthu ukachikonda umachiona ndi zipsera zomwe. Akuti opanga gemuyi anapita ku Kenya mu 2007 kukaona dziko, ndipo zikuoneka: kuwala kwa madzulo, fumbi, mbuzi ndi nkhuku pabwalo, njati ndi nyumbu patali, malata adzimbiri. Woimba wake ndi Baaba Maal wa ku Senegal. Bambo wina amene anakhala zaka zambiri ku Joni atamvetsera adani akukuwa, anati akumva Chizulu ndi Chiafrikaans. Ndiye Africa wake ndi wosonkhanitsa: udzu wa kum'mawa, nyimbo ya kumadzulo, chilankhulo cha kumwera, chipululu ndi nkhalango yowirira zonse m'dera la masikweya kilomita 50. Zimenezo ndingazikhululukire. Chimene sindikhululuka ndi chakuti dzikolo lilibe anthu. Ukachoka m'galimoto ya dalaivala uja, sukumananso ndi mayi wosenza mtolo, mwana wothamangitsa tayala, kapena wogulitsa tomato. Anthu wamba umangowaona ali m'kachipinda, akudikira ziphaso. Ndili mnyamata ndinkapita kwa azakhali ku Muloza, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inali isanathe mu 1992 ndipo othawa kwawo anali atafika pafupifupi 1 miliyoni m'Malawi muno. Chimene ndimakumbukira si asilikali ayi, koma amayi, mapoto, ana ndi mizere yolandira ufa. Ndipo ife a kuno, pafupi ndi Magomero pamene anthu a John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915, tinamva kwa agogo kuti mfuti zitaleka kulira, imene inapsa inali midzi. Nkhondo ya m'gemuyi ndi ya anthu a mfuti okhaokha, ambiri a iwo alendo, akuphana m'dziko lokongola losesedwa. Mwina anaopa kuti osewera aziombera anthu osalakwa. Mwina makompyuta a nthawiyo sakanatha. Koma msika wa Namadzi ukanakhala m'menemo tsiku limodzi lokha, bwenzi munthu akuganiza kawiri asanaponye botolo la petulo.

Chimene ndimaiyamikira n'chakuti siikunamiza kuti ndiwe ngwazi. Ntchito zimene mabwana a magulu awiriwa amakutuma ndi zauve, ndipo pang'onopang'ono umazindikira kuti amene ukumusaka uja mwina akuona bwino kukuposa. Sindinafike kumapeto, ndipo mphwanga ndamuletsa kundiuza.

Quarbani anafa sabata yatha. Ndinaona utsi wabuluu ukukwera kuseri kwa chitunda, chizindikiro choti mnzako wagwa, koma ndinachedwa ndi galimoto ina ya adani imene inandithamangitsa. Nditafika anali akubuula. Ndinamubaya jakisoni woyamba, sanadzuke. Wachiwiri, sanadzuke. Wachitatu anangoti zii, munthu wanga n'kumutseka maso. Ndinavula mahedifoni. Kunja minibasi inali kuitanira a ku Limbe, wina akukazinga tchipisi.

"Ankolo, ingobwererani pamene munaseva. Akhalanso moyo."

Ndinakana. Ndinamuuza kuti maliro sabwerezedwa, ndipo anandiyang'ana ngati ndayamba kudwala malungo enieni.

Foni ija anaikonza tsiku loyamba lomwelo, mphindi 20 zokha. Mayi a kunyumba akudziwa kuti imavutavutabe, makamaka Loweruka masana. Dzulo pochoka mphwanga anandiitana pakhomo.

"Ankolo, kuyambira mawa muzilipira pa ola ngati anzanu."

"Zingati?"

Anatchula mtengo. Ndinamupatsa za maola atatu, ndi zina zoti agule mausi yatsopano, poti batani lakumanzere layamba kukana.